Tsiku limene ndinanyoza BMW 333i

Ndinagwira ntchito yotsuka magalimoto pa galaja ina ku Johannesburg kwa zaka zisanu, ndipo popeza tsiku lililonse ndinkapukuta magalimoto a anthu achuma, Amalawi anzanga a ku Joni anayamba kunditenga ngati katswiri wa magalimoto apamwamba. Ulemu umenewu sindinaukane, ngakhale kuti sipanala ndinkangoigwira poichotsa pansi kuti ndikolope.

Loweruka lina alamu anga, amene anakwatira achemwali anga aakulu, anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Pretoria kukaona BMW yakale imene mayi wina wamasiye ankagulitsa. Galimotoyo inali ya malemu amuna ake, ndipo mayiyo ankangofuna kuti ichoke m'galaja, choncho mtengo umene anatchula unali wa BMW yakale wamba. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, ndipo kumbuyo kwake kunali manambala akuti 333i. Alamu ndalama anali nazo m'thumba la jekete, ankangodikira kuti katswiri alankhule.

Ndinaizungulira kawiri manja ali kumbuyo, ndikugwedeza mutu ngati sing'anga amene waona nyanga pakhomo. "Alamu," ndinatero monong'ona, "ine ndatsukapo 318, 320 ndi 325, koma 333 sindinaionepo. Manambala awa anachita kumata." Nditakhala pampando ndinapeza umboni wina. Malo amodzi otulukira mphepo anali otsekedwa ndi kachipangizo koonetsa manambala, ndipo ndinafotokoza kuti imeneyo inali ntchito ya makaniko wa pansi pa mtengo. Nditaliza injini n'kuyesa kukhotetsa chiwongolero, chinali cholemera ngati cha thirakitala. Galimoto yapamwamba yanji yopanda power steering, makina opepukitsa chiwongolero? Apa ndinaseka mokweza, kuti ngakhale mwini wake, amene Chichewa sankamva, adziwe kuti sanakumane ndi ana.

Kenaka ndinati ndiiyendetse pang'ono. Ndinaponda kilatchi, ndinakankhira giya kumanzere ndi kutsogolo, kumene giya yoyamba imakhala m'galimoto iliyonse imene ndinkaidziwa, ndipo itachita ngati ikukana ndinaiumiriza ndi mphamvu. Ndinayang'ana kutsogolo molimba mtima, ndinaponda mafuta, ndipo galimoto inathamangira kumbuyo n'kukagunda khoma la galaja. Chidebe cha penti chimene chinali pashelefu chinagwera padenga lake. Galu wa mayiyo anathawira m'nyumba, ndipo alamu anangogwira pakamwa. Ine ndinatuluka, mawondo akugundana, n'kulengeza kuti giyabokosi nayonso ndi yakufa.

Mayiyo sanakalipe. Anaimbira foni bambo wina wachikulire wowongola magalimoto amene ankakhala chapafupi, kuti adzaone bampala imene ndinaphwanya. Bamboyo atafika sanayang'ane n'komwe bampalayo. Anaima pakhomo la galaja, anavula chipewa, kenaka anapempha kuti titsegule boneti.

Zimene anafotokoza ndimazikumbukira bwino chifukwa chilichonse chinkandigwera ngati mbama. BMW 333i inapangidwa ku South Africa kokha, pa fakitale ya ku Rosslyn, pafupi ndi pamene tinaimapo, kuyambira 1985 mpaka 1987, ndipo anangopanga zopitirira pang'ono 200. M3 ya nthawi imeneyo, imene inali BMW yaing'ono yothamanga kwambiri, inali ndi chiwongolero kumanzere ndipo sinkagulitsidwa m'dzikomo, motero anatenga injini ya masilinda 6 ya malita 3.2 ya galimoto yaikulu ya 733i n'kuipanikiza m'thupi laling'ono la E30, mtundu wa ma BMW aang'ono a nthawiyo, mothandizana ndi Alpina, kampani ya ku Germany yowonjezera mphamvu ma BMW. Injiniyo inadzaza malo onse mwakuti wogula ankayenera kusankha chimodzi, power steering kapena makina oziziritsa mpweya, chifukwa zonse ziwiri sizikanakwana. Malemuyo anasankha kuzizidwa, n'chifukwa chake chiwongolero chinandithyola mapewa. Bamboyo anawonjezera kuti munthu akakuonetsa 333i yokhala ndi zonse ziwiri, ndi pamene uyenera kuyamba kufunsa mafunso.

Kachipangizo kamene ndinati ndi ka pansi pa mtengo kanali ka Alpina, koonetsa kutentha ndi mphamvu ya oyilo. Malimu a mainchesi 16 amene ndinawapitirira osawayang'ana analinso a Alpina. Mtundu wofiirawo unali umodzi mwa mitundu inayi yokha imene galimotoyi inatuluka nayo. Za giya ndiye anachita kundigwira dzanja ngati mwana wa sitandade wani: yoyamba ili kumanzere ndi kumbuyo, ngati m'magalimoto a mpikisano, ndipo pamene ndinaumiriza paja ndi pa rivesi. Chithunzi chosonyeza zonsezi chinali pamutu pa giya pomwepo, pansi pa chikhatho changa.

Pomaliza anauza mayiyo kuti asayerekeze kugulitsa pa mtengo umene anatchula, chifukwa osunga magalimoto akale akhoza kupereka ndalama zogulira nyumba. Mayiyo anandigwira chanza ndi manja awiri, nandithokoza chifukwa chogunda khoma, kenaka anandipatsa pepala la mtengo wa bampala ndi penti, umene ndinaulipira kwa miyezi isanu ndi iwiri.

Ulendo wobwerera ku Johannesburg alamu sanalankhule kanthu, dzanja lili pa thumba la jekete. Titatsika takisi anangoti, "Zikomo, a Safunsa," ndipo dzinali linafika kwathu ku Mangochi ine ndisanafike, mwakuti ngakhale adzukulu a achemwali amandiitana choncho poganiza kuti ndi la makolo.