Mmene Tinafufuzira Makolo a Hatchi Tisanaigule

Hatchi imene yafika zaka 10 imakhala itadziwika kale khalidwe lake, ndipo wogula amangofunika kuikwera ndi kufunsa anthu amene akhala nayo. Ya zaka zitatu imavuta kuiweruza, chifukwa imakhala itangoyamba kumene kuzolowera chishalo, ndipo zambiri za mtima wake zimakhala zisanaonekere. Pasukulu yophunzitsa kukwera mahatchi imene ndimagwirako ntchito, m'dera la Midlands ku KwaZulu-Natal, m'dziko la South Africa, ndalama zimene zinalipo zinali zongokwanira hatchi yaing'ono yoti tiiphunzitse tokha, choncho mayi amene ndi eni sukuluyo anandipempha kuti ndiwathandize kusankha. Hatchiyo inali yoti m'tsogolo izidzanyamula ana a zaka 9 kapena 10, motero kufatsa kunali patsogolo pa kukongola, msinkhu ndi liwiro.

Tinayamba ndi mapepala. Hatchi yolembetsedwa imakhala ndi pasipoti yosonyeza maonekedwe ake ndi katemera amene inalandira, ndipo mabuku a mtundu wake amasunga mayina a makolo. Wogulitsa aliyense ankathamangira kutchula dzina la mphongo imene inabereka hatchiyo, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mphongo yotchuka ya mtundu wa Thoroughbred, umene ndi wa mahatchi a mpikisano wothamanga, imatha kubereka ana oposa 100 pachaka, pamene yaikazi imakhala ndi bere miyezi 11 n'kubereka mwana mmodzi yekha. Dzina la mphongo ndilo limamveka kutali, ndiponso ndilo limakweza mtengo.

Kuti ukali umayenda m'magazi, oweta mahatchi anazindikira kalekale. Ku England kunali mphongo yotchedwa St. Simon, yobadwa mu 1881, imene inkadziwika ndi liwiro komanso kupsa mtima. Mwana wake Diamond Jubilee anapambana mipikisano itatu ikuluikulu ya dzikolo mu 1900, koma anali wolusa kwambiri moti okwera odziwika anamulephera, mpaka ntchitoyo inapatsidwa kwa Herbert Jones, mnyamata amene ankamusamalira kukhola. Komabe ku America kunali mwana wa hatchi yotchuka ya mpikisano Man o' War, dzina lake Hard Tack, mphongo yovuta imene inkakana ngakhale kunyamuka mpikisano ukayamba, ndipo ndi imene inabereka Seabiscuit mu 1933, hatchi imene inatchuka ndi kukonda kudya ndi kugona. Nkhani ziwirizi zinandithandiza kuwafotokozera abwana anga kuti dzina la mphongo limangotiuza mbali imene tiyenera kuyang'anitsitsa, koma silingatiuze kuti hatchi imene yaima patsogolo pathuyi yatengera chiyani.

Gawo limene linatidyera nthawi yambiri, ndipo ndi limene ndimalilemekeza kuposa ena onse, linali lofufuza ana ena a mphongo iliyonse. Ana awiri kapena atatu okulira pafamu imodzi sakwanira, chifukwa akhoza kufanana chabe poti anawalera ndi munthu mmodzi. Tinkafuna ana obadwa kwa mahatchi aakazi osiyanasiyana, okulira m'manja mwa anthu osiyanasiyana. Ngati ana otere onse akudzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, kapena onse akuvuta kusiyanitsidwa ndi anzawo, pamenepo munthu angathe kunena kuti khalidwelo lachokera kwa tate wawo. Tinaimba mafoni, tinapita kumipikisano ya ana asukulu Loweruka, ndipo kulikonse ine ndinkasiya abwana akucheza ndi eni mahatchi n'kupita kumakola kumene kunali osamalira. M'makola a ku South Africa muli Amalawi ndi anthu a ku Zimbabwe ambiri, ndipo munthu amene amalowa m'khola m'mawa kusanache ndi amene amadziwa zoona.

Funso loti "Kodi ndi yofatsa?" silithandiza, pakuti aliyense amayankha kuti inde. Ndinkafunsa kuti imatani wodula ziboda akainyamula mwendo wakumbuyo, imatani ikaona jakisoni, imalowa bwanji m'ngolo yonyamulira mahatchi, ndiponso imatani anzake akatuluka n'kuisiya yokha. Pafamu ina ndinapeza bambo wachikulire wa ku Mzimba amene anasamalirapo ana angapo a mphongo imene tinkaiganizira. Atandikokera pambali anati: "Achimwene, ana a hatchi imeneyi saluma ndipo saponya mateche, koma akachita mantha mutu umachoka. Ngati mukufunira ana aang'ono, yang'anani kwina." Mawu amenewa anagwirizana ndi zimene tinamva kwa wophunzitsa wina wa kudera lakutali, amene sankadziwana ndi bamboyo, ndipo tinachotsa pamndandanda hatchi yokongola kwambiri imene abwana anali ataikonda kale.

Mphongo ziwiri tinakwanitsa kuziona ndi maso. Apa pamafunika kusiyanitsa zinthu, chifukwa mphongo yosafula imalira mokweza, imapalasa pansi ndipo imakoka chingwe ikamva fungo la yaikazi, makamaka ngati imakhala yotsekeredwa yokha tsiku lonse. Zimenezi sizinandidetse nkhawa, popeza mwana wake wamwamuna akafulidwa zambiri zoterezi zimachepa. Chimene ndinkayang'ana n'chakuti woigwirayo akailankhula imabwerera msanga bwanji m'maganizo ake, komanso ngati imagonetsa makutu kumbuyo munthu akamayandikira popanda choiputa. Imodzi inavina ndithu potuluka m'khola, koma mnyamata atangoigwedezera chingwe inaima n'kutsitsa mutu, ndipo inalola kuti ndiigwire pakhosi ndi pamimba ngakhale inali isanandionepo.

Tinapitanso kukaona mayi wa hatchi iliyonse, ndipo ndimadandaula kuti ogula ambiri gawo limeneli amalidumpha. Mwana amatenga theka la chibadwa kwa mayi ake, kenako amakhala nawo pafupi miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi asanasiyitsidwe kuyamwa, pamene tate wake nthawi zambiri samuona n'komwe. Akuluakulu amati make mbuu, mwana mbuu, ndipo m'khola izi zimaoneka poyera. Ofufuza a ku yunivesite ya Rennes ku France, m'gulu la Martine Hausberger, anapeza kuti anthu akamapesa ndi kudyetsa mofatsa hatchi yaikazi mwana wake akuona, mwanayo amadzayandikira anthu mosavuta ngakhale iye sanagwiridwe. Pafamu ina, yaikazi inatiyang'ana chapatali n'kutembenuzira kumbuyo kwake kwa ife, ndipo mwana wake wa chaka chimenecho anabisala kuseri kwake n'kuchita chimodzimodzi. Mkulu wa mwanayo ndi amene tinkaganiza zogula, ndipo tinamupeza nayenso ali wovuta kugwira kubusa.

Pomaliza panatsala mahatchi awiri, ndipo apa tinaika mapepala pambali. Tinapempha kuti tikafike hatchi ikadali kubusa, isanakweredwe ndi munthu tsiku limenelo, kuti tiigwire tokha, chifukwa hatchi imene yathamangitsidwa m'mawa imaoneka yofatsa chifukwa cha kutopa. Ndinatambasula ambulera pang'onopang'ono ndili patali pang'ono, kenako ndinayala pulasitiki wakuda pansi kuti idutsepo. Onse awiri anadzidzimuka, ndipo zimenezo n'zachibadwa kwa nyama imene imadziteteza pothawa. Kusiyana kunali pa zimene zinatsatira. Imodzi inapitiriza kupuma mofulumira, maso ali tong'o, ndipo sinabwererenso pafupi. Inayo inabwerera m'mbuyo pang'ono, inafwenthera, kenako inatambasula khosi n'kununkhiza pulasitikiyo, n'kupondapo ndi chiboda chimodzi, ndipo posakhalitsa inadutsa ikutafuna pakamwa. Imeneyi inali yofula, mwana wa mphongo ija imene inaima itagwedezeredwa chingwe, ya mtundu wa Nooitgedachter, umene unayamba kuwetedwa mu 1952 pafupi ndi tauni ya Ermelo ku South Africa kuchokera ku mahatchi aang'ono a ku Lesotho, ndipo umadziwika ndi kupirira komanso kufatsa.

Tisanalipire tinaitana dokotala wa ziweto wathu, osati wa wogulitsa. Anapima mano, msana, miyendo, maso ndi mtima, chifukwa hatchi imene ikumva ululu, kaya wa dzino lakuthwa kapena wa zilonda za m'mimba, imalusa ngakhale makolo ake atakhala ofatsa chotani. Anatenganso magazi n'kusunga, kuti ngati khalidwe litasintha mwadzidzidzi tidzathe kuona ngati inali itapatsidwa mankhwala oziziritsa mtima, ndipo anatsimikizira m'pasipoti kuti katemera wa matenda oopsa a mahatchi otchedwa African horse sickness anaperekedwa m'nyengo yake. Wogulitsa anavomera kulemba kuti tiiyese mwezi umodzi pasukulu pathu. Panopa ndimaikwera ndekha m'mawa uliwonse, ndimaidutsitsa pafupi ndi thirakitala, agalu ndi ana akamasewera mpira, ndipo tinagwirizana ndi abwana kuti mwana woyamba adzaikwera ikadzakwanitsa zaka zisanu, ine nditagwira chingwe.