Pepala la H-1B limene ladya munda wa ku Jali

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija mukuzidziwa anzanga a m'maofesi a ulangizi wa ntchito: ma CV a omaliza maphunziro, makalata a atachimenti, wina akufuna chidindo, wina wataya satifiketi. Magetsi anathima Lolemba cha m'ma 10 koloko, m'jenereta mulibe mafuta, ndiye ma CV 14 ndinawakonza ndi cholembera chofiira. Bandulo ya ofesi inatha pa 3, pempho langa likadali patebulo la abwana, ntchito yapakoleji ndikuigwirira pafoni yanga. Izi ndinazizolowera. Chimene chandisowetsa tulo ndi cha Lachitatu.

M'mawa umenewo analowa mnyamata amene anamaliza dipuloma ya za kompyuta kuno chaka chatha, wanzeru komanso wofatsa. Pambuyo pake panali mayi ake, envelopu ya khaki ataigwirira pachifuwa. Anali atanyamuka ku Jali m'bandakucha.

"Aphunzitsi, tabwera kuti mutidindire mapepalawa. Mwanayu akupita ku America."

Pepalalo linali ndi mbendera pamwamba ndi chiwombankhanga pakona. Linkati ejenti wina wa ku Blantyre wapatsidwa malo 20 a dziko la Malawi a viza ya H-1B, yokagwirira ntchito zaukatswiri ku America, dzina la mnyamatayo lilowa mu Novembala muno, ulendo mu Januwale. Anali atapereka kale K4 miliyoni, ndipo K2 miliyoni yotsala inkafunika pofika Lachisanu. Nditafunsa kumene kunachokera ndalamazo, mayiwo anati anagulitsa munda umene anawasiyira malemu amuna awo.

Ndinayamba ndawathira madzi akumwa, chifukwa sindinkadziwa poyambira.

H-1B ili ndi malire a pachaka. Lamulo la ku America la 1990 linaika chiwerengero cha 65,000, ndipo pambuyo pake anawonjezera malo 20,000 a anthu amene anatenga digiri ya masitazi kapena yoposa apo m'mayunivesite a konko. Onse pamodzi ndi 85,000, a dziko lonse lapansi. Sagawidwa kuti awa a Malawi, awa a Zambia ayi. Amene ali ndi gawo lawolawo ndi Chile ndi Singapore basi, malo 6,800 otapidwa pa 65,000 paja, chifukwa cha mapangano a zamalonda. Ndiye malo 20 a Malawiwo anawapereka ndani, ndipo anawatenga kuti?

Komanso wofuna ntchito sadzilembetsa yekha. Apa ndi pamene anthu athu amasokonezera ndi maere a green card aja, amene aliyense amadzaza yekha pa intaneti. Ku H-1B, kampani ya ku America imene yakulonjeza ntchito ndi imene imalembetsa dzina lako ku USCIS, ofesi ya boma la America yoona za anthu olowa m'dzikolo, m'mwezi wa Malichi, ndipo mu 2025 inkalipira madola 215 pa dzina lililonse. Mayina amachuluka kuposa malo, moti mu 2023 analembetsedwa opitirira 750,000, ndiye amachita maere. Dzina likatuluka, kampani imatumiza pempho lenileni kuyambira pa 1 Epulo, ndipo ntchito singayambe pasanafike pa 1 Okutobala. Novembala ndi Januwale wa papepalapo alibe polowera. Ntchitoyonso imafuna digiri kapena luso lolingana nayo, pamene mnyamatayu ali ndi dipuloma ndi chaka chimodzi chokonza makompyuta ku Chinamwali.

Iye sanafune kumva. "Bwana, mwina malamulo asintha posachedwa." Ndinamuuza kuti asinthadi, koma molimbitsa. Mu Seputembala 2025 Pulezidenti Donald Trump analamula kuti kampani yofuna kutenga munthu amene ali kunja kwa America pa H-1B yatsopano izilipira madola 100,000. Ndinamufunsa kuti: "Achimwene, kampani yomwe ikufuna kukuwonongerani ndalama zimenezo dzina lake ndani? Munayankhulapo nawo? Anakufunsani mafunso a ntchito?" Anangoyang'ana pansi.

Tinamuimbira ejentiyo foni ili patebulo kuti tonse timve. Anayankha mwaulemu kwambiri, mpaka kufunsa za ulendo wa amayi. Nditafunsa dzina la kampani, anati ndi chinsinsi cha ofesi. Nditafunsa chifukwa chimene kulembetsa kukuchitikira mu Novembala, anati iwo ali ndi njira yawo yapadera. Nditanena kuti ndine mlangizi wapakoleji, anadula. Kuimbanso, foni yathimitsidwa.

Mayi aja sanalire. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandifunsa funso limodzi: "Nanga mundawo, aphunzitsi?" Mvula yoyamba yagwa kale, anzawo akubzala. Ndinalibe yankho. Ndinatseka ofesi, ndinawaperekeza kupolisi ndi mauthenga a pafoni osonyeza mmene anatumizira ndalama, kenako kudepoti. Ndinawauza zoona kuti asayembekezere zambiri, ndalama zotere zikapita kawirikawiri sizibwerera. Mnyamatayo sanayankhule njira yonse.

Mkwiyo wanga suli pa wakubayo yekha. Kwa zaka zingapo ndinkakhala ndi maola awiri chaka chilichonse ndi ana omaliza, kuwafotokozera mmene ntchito zakunja zimayendera: amene amalembetsa ndani, amene amalipira ndani, mwezi wake ndi uti, komanso kuti ntchito za m'mayunivesite a ku America sizilowa m'malire a 85,000 aja, ngakhale kumenekonso umayamba wapeza ntchito kaye. Maola awiri amenewo anawachotsa pandandanda ponena kuti palibe bajeti. Bajeti yake inali pulojekita ndi mapepala 60 a fotokope. Kalasi ya mnyamatayu ndi imene inayamba kuphonya phunzirolo. Akanamvako kamodzi kokha kuti H-1B imalembetsedwa mu Malichi ndiponso ndi kampani, pepala lija akanaling'amba yekha, mayi ake asanaitane amfumu kudzachitira umboni kugulitsa munda.

Lachinayi ndinakwera kwa abwana n'kuwafotokozera zonse. Anamva chisoni, anapukusa mutu, kenako anati ndilembe memo. Imeneyi ikhala yachitatu pa nkhani yomweyi. Ndinailemba, n'kubwerera ku ma CV. Masana ake ndinapezera atsikana awiri malo a atachimenti pakampani ina ya zomangamanga, chinthu chokhacho chimene chinandisangalatsa sabata yonseyi.

Lachisanu m'mawa mnyamata uja ananditumizira uthenga kuti ejenti waimbanso ndi nambala ina, akuti awachitira chifundo, apereke K1 miliyoni yokha, ndipo malume ake akuti mwina ayesere kuopa kutaya zonse. Ndinawaimbira malumewo, tinayankhula mphindi 20, bandulo yanga yomwe ija. Anavomera kuti asatumize kanthu, ngakhale mawu awo ankamveka kuti akukayikabe.

Sindinadikire yankho la memo. Nthawi ya nkhomaliro ndinaitana ana omaliza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa laibulale, opanda pulojekita, manambala ndikulemba pakatoni. Anabwera 31. Nditakweza fotokope ya pepala lija n'kufunsa ngati alipo amene analiwonapo, atatu anakweza manja. Mmodzi mwa iwo wapereka kale K500,000.