Agogo athu a ku Wenela ndi mbiri ya ndege m'Malawi

Mukafunsa anthu za mbiri ya ndege m'dziko muno ambiri amayambira pa Air Malawi, ena amakumbuka 6 July 1958 tsiku lomwe Kamuzu anatera pa Chileka. Koma nkhaniyi ndi yakale kuposa pamenepo, ndipo mbali yomwe imatikhudza ife a kuno ku Mulanje ndi Thyolo siikambidwa kwenikweni.

Poyamba zinali za azungu basi. Mu 1931 mzungu wina wa ku Blantyre dzina lake Christowitz anayamba kuulutsa kandege kakang'ono kupita ku Beira, mu 1933 kunabwera Rhodesia and Nyasaland Airways, kenako 1946 Central African Airways yomwe likulu lake linali ku Salisbury, pano timati Harare. Ngakhale ndege zotera pamadzi za kampani ya ku Britain ya BOAC zinkaima pa Cape Maclear mu 1949 ndi 1950 paulendo wochokera ku England kupita ku Joni. Okwera ake anali mabwana a boma ndi eni maesiteti, wothyola tiyi ankangoimva ikulira m'mitambo iye dengu lili kumsana.

Nde kunabwera ndege za Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni. Apa mpomwe munthu wamba, woti mwina galimoto sanaikwerepo bwinobwino, anayamba kuuluka. Anyamata amanyamuka kumudzi, kukalembetsa, kuyezedwa m'thupi, kenako ndege kuwatenga pa Chileka mpaka ku Francistown ku Botswana, kuchoka apo sitima ya pamtunda mpaka ku migodi. Depoti ya mabasi ku Blantyre ija mpaka lero timangoti pa Wenela, koma achinyamata ambiri amakwererapo basi osadziwa kuti dzinalo lanyamula zotani.

Agogo anga aamuna anapita nawo. Bokosi lawo lachitsulo lilipobe kwathu, lobiriwira, loko wake anachita dzimbiri, mayi amasungiramo mabulangete. Akamafotokoza za ndegeyo samanena zokoma ayi, amati phokoso lake makutu amachita kutseka, anthu kusanza, wina kugwira mnzake dzanja osadziwana nkomwe chifukwa cha mantha. Koma pobwera amabwera ndi wailesi, njinga, jekete, ndalama ya malata, ndipo nyumba zambiri zamalata zoyambirira m'midzi mwathumu zinamangidwa ndi thukuta limeneli. Kuno malo olima ndi ochepa, maesiteti anatenga gawo lalikulu, nde mwamuna akanatani?

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 itangonyamuka ku Francistown kubwera kuno inagwa nkupsa. Anthu oposa 70 anafera pomwepo, ambiri mwa iwo Amalawi omwe anali atamaliza kontirakiti akubwerera kwawo. Chinachititsa ndi mafuta, omwe anathira mundegemo anali osakanikirana ndi a ndege za jeti. Tangoganizani, munthu wapulumuka pansi pa mgodi miyezi yonseyo, katundu wa ana wagula kale, nkukathera panjira yobwerera. Ine zimandiwawa zimenezi. Kamuzu atamva analetsa zolemba anthu ntchito za ku migodi, zinadzayambanso cha mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, lomwe akuluakulu kuno amati Theba.

Chaka chomwecho cha 1974 Air Malawi inagula VC10, ndege yaikulu ya mainjini anayi kumchira, nkuyamba kupita ku London. Kampaniyi inayamba mu 1964 ili pansi pa Central African Airways, nkudzaima payokha mu 1967. Zinali zonyaditsa ndithu, dziko laling'ono ngati lathuli kukhala ndi ndege yakeyake yokatera ku Ulaya, koma ndalama zake zinali zosayamba ndipo pofika 1979 VC10 ija inasiya kuuluka. Air Malawi yeniyeniyo inatha mu 2013, m'malo mwake munalowa Malawian Airlines momwe Ethiopian Airlines ili ndi magawo 49 pa 100 alionse.

Zonsezi mabuku analemba, mitundu ya ndege, zaka, mayina a makampani. Ine chomwe ndikufuna ndi chakuti pa Chileka paikidwe mwala wolembapo mayina a abambo anafera ku Francistown aja, aliyense ndi mudzi wake ndi mfumu yake. Ana awo alipo, ena tikukhala nawo m'midzi momwemuno, nkhani ya mayina sikungavute boma litafuna.