Mmene Ndinabwezeretsera Kuyang'anira Bridge ndi Hub Ndili Kutali

Mmawa wa tsikulo ndinakhala pa kompyuta imene timayang'anirapo netiweki yonse n'kuyamba kufufuza zizindikiro ziwiri zimene zinali zitafiira kwa masiku angapo, kusonyeza kuti zipangizo ziwiri sizikutiyankha: bridge ya ku nthambi ina ya ofesi yathu, ndi hub yolumikizidwa kuseri kwake. Ndisanakhudze chilichonse, ndinaimbira foni mayi amene amayang'anira nthambiyo. "Mayi, kodi anthu akutha kugwira ntchito pa makompyuta?" Iwo anandiyankha kuti zonse zikuyenda, kungoti mafayilo akuluakulu akumachedwa kutseguka. Mawu amenewa ndinawalemba pambali, ndipo anadzandithandiza pambuyo pake.

Yankho lawo linandiuza kuti zipangizozo sizinafe. Bridge imadutsitsa mapaketi (tizidutswa ta uthenga woyenda pa netiweki) poyang'ana maadilesi a MAC okha (nambala zimene chipangizo chilichonse chimabwera nazo), pamene hub imangobwereza pa waya aliyense chilichonse chimene yalandira, ndipo zonsezi zimachitika popanda adilesi ya IP. Adilesi ya IP imagwiritsidwa ntchito ndi kapulogalamu kam'kati kamene kamayankha ife oyang'anira, motero n'zotheka kuti kapulogalamuko kasiye kutifikira pamene anthu onse akugwira ntchito bwinobwino.

Ndinatumiza ping (kauthenga kofunsa ngati chipangizo chikumva) kwa bridge kuchokera pamene ndinali, koma sikunabwere yankho. Kenako ndinalowa kudzera pa SSH (njira yolowera mu kompyuta uli kutali) mu seva ya ku nthambiyo, imene ili m'gawo limodzi la maadilesi ndi bridge, ndipo kuchokera pamenepo ping inayankhidwa nthawi yomweyo. Chipangizo chikamayankha oyandikana nacho koma osayankha akutali, ine ndimayamba ndakayikira gateway, adilesi ya rauta imene chipangizo chimadutsirapo potumiza uthenga kutali. Nditalowa mu bridge pa Telnet (njira ina yolowera uli kutali) kuchokera pa sevayo, ndinapezadi kuti inkalozerabe adilesi yakale ya rauta, imene tinaisintha pamene tinkaika rauta yatsopano. Makompyuta a anthu analandira adilesi yatsopanoyo kudzera pa DHCP, njira yogawa maadilesi yokha, koma bridge ndi hub zinali ndi maadilesi olembedwa pamanja, ndipo palibe amene anazikumbukira. Mafunso anga ankafika, koma mayankho ankasowa njira yobwerera. N'chifukwa chakenso sitinalandire chenjezo lililonse kuchokera ku zipangizozo, popeza ma trap (mauthenga ochenjeza) amene zimatumiza pa port 162 (nambala ya khomo lolandirira uthenga mu kompyuta) ankathera pa gateway yakufa yomweyo.

Nditakonza zimenezi ping inayamba kuyankhidwa, koma chizindikiro chinakhalabe chofiira. Apa ndi pamene ndinachedwa kwambiri, ndipo ndi pamene ndikuona kuti ambiri amasokonezeka. SNMP, njira imene pulogalamu yoyang'anira imafunsira zipangizo mmene zilili, imayenda pa UDP (katumizidwe kosatsimikiza ngati uthenga wafika), pa port 161, ndipo mu SNMPv1 ndi SNMPv2c, chipangizo chikalandira funso lokhala ndi community string (dzina logwira ntchito ngati mawu achinsinsi) yolakwika, sichikana ndipo sichidandaula, chimangolitaya mwakachetechete. Kwa amene ali kutali, dzina lolakwika, firewall (chotchinga mapaketi osaloledwa) yotseka ndi waya wodukiratu zimaoneka chimodzimodzi: kudikira mpaka nthawi itatha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho ndinasankha kufunsa funso limodzi laling'ono m'malo moyendetsa pulogalamu yonse yoyang'anira. Ndinagwiritsa ntchito kapulogalamu ka snmpget ka Net-SNMP kupempha sysDescr, mawu amene chipangizo chimadzilongosolera, imene nambala yake ndi 1.3.6.1.2.1.1.1.0, uku pulogalamu ya tcpdump ikundionetsa pa zenera lina mapaketi akutuluka, wina pambuyo pa mnzake, popanda wobwerera.

Pa Telnet, bridgeyo inali ndi tsamba la ziwerengero za SNMP, ndipo chiwerengero cha mafunso obwera ndi dzina lolakwika, chotchedwa snmpInBadCommunityNames, chinkakwera nthawi iliyonse ndikatumiza funso. Umenewu unali umboni wokwanira wakuti mafunso akufika ndipo palibe firewall imene ikuwatseka. Ndinakumbukira kuti sabata yomwe tinasintha rauta tinasinthanso community string pa zipangizo zonse, ndipo ziwirizi zinaphonyedwa chifukwa panthawiyo sizinkafikika. Nditayesa dzina la fakitale, "public", bridge inayankha. Kunena zoona, zimenezi zinandidetsa nkhawa kuposa vuto limene ndinkathetsa, chifukwa dzinali limadziwika ndi aliyense. Ndinaika dzina latsopano lololeza kuwerenga kokha, komanso ndinalemba kuti bridge izingoyankha adilesi ya kompyuta yathu yoyang'anira. Dzinali limayendabe pa waya losabisika, monganso mawu achinsinsi a Telnet, ndipo SNMPv3 ndiyo imabisa zimenezi, koma bridge yakaleyi siidziwa.

Hub inafunika kukonzedwa zinthu ziwiri zomwezo, ndipo ndinazikonza, ngakhale kuti Telnet yake inkaimaima ndikamalemba. Inkayankha ping yaing'ono, koma ndikayendetsa snmpwalk, imene imafunsa mafunso ambiri motsatizana, inkayenda pang'ono n'kuima, kenako n'kupitiriza. Pamenepa ndinabwerera ku mawu a mayi aja okhudza mafayilo ochedwa.

Ndinawerenga ziwerengero za mbali zonse ziwiri za waya umene umalumikiza bridge ndi hub. Kwa hub ndinagwiritsa ntchito Repeater MIB (mndandanda wa ziwerengero zimene hub imasunga), yolongosoledwa mu chikalata cha RFC 2108 cha 1997, imene imapezeka pansi pa 1.3.6.1.2.1.22. Pa port (apa ndikutanthauza polowetsera waya) yopita ku bridge, chiwerengero cha kugundana kochedwa kwa mapaketi, rptrMonitorPortLateEvents, chinkakwera pamene ma port ena onse anali phee. Pa Ethernet ya 10 kapena 100 Mbps, kugundana kwa mapaketi kumayenera kuchitika mkati mwa ma bit 512 oyambirira, omwe ndi ma byte 64, ndipo kukamachitika mochedwa kuposa pamenepo ndiye kuti waya ndi wautali mopitirira muyezo kapena mbali imodzi sikumvetsera isanalankhule. Kumbali ya bridge kunali kuchuluka mapaketi oduka ndi zolakwika za FCS, zosonyeza kuti paketi yafika itawonongeka. Nditayang'ana makonzedwe a port imeneyo ndinapeza kuti inaikidwa pamanja kukhala full duplex, kutanthauza kutumiza ndi kulandira nthawi imodzi. Hub siingachite full duplex, chifukwa onse olumikizidwa kwa iyo amagawana njira imodzi ndipo amalankhula mosinthana. Bridge inkatumiza nthawi iliyonse imene yafuna, n'kumaphwanya mapaketi a ena ali pakati pa ulendo, ndipo vutoli linkakula anthu akachulukitsa ntchito.

Ndisanasinthe, ndinatsimikiza kaye kuti ine ndikulowa mu bridge kudzera pa port ya kumbali ya rauta, osati imene ndinkafuna kukhudza. Ndikanalakwitsa pamenepa, pakanafunika munthu wopita kumeneko ndi waya wa console, kukalumikiza laputopu pa liwiro la 9600 ndi kubweza zonse. Ndinayang'ananso mu Bridge MIB, pansi pa 1.3.6.1.2.1.17, n'kuona kuti bridgeyo ikuyendetsa Spanning Tree ya IEEE 802.1D, njira yopewera kuzungulira kwa mapaketi imene Radia Perlman anaipanga mu 1985. Izi zinkatanthauza kuti port ikazima n'kuyakanso, imatha masekondi 15 ikumvetsera ndi ena 15 ikuphunzira maadilesi isanayambe kudutsitsa kanthu. Ndinaimbiranso mayi aja kuwapempha kuti auze anthu asunge ntchito zawo, chifukwa netiweki iduka kwa theka la mphindi.

Ndinaika port pa half duplex, yolankhula mosinthana, ndipo ping yopita ku hub inaduka. Ndinayang'anitsitsa wotchi osakhudza chilichonse, ngakhale kuti dzanja linkafuna kubweza zimene ndasintha, ndipo patangodutsa masekondi 30 mayankho anayambiranso kubwera. Ndinasunga makonzedwe atsopanowo m'zipangizo zonse ziwiri kuti asafufutike magetsi akazima, kenako ndinayendetsa snmpwalk, imene inafika kumapeto osaima. Chiwerengero cha kugundana kochedwa ndinachiwerenga katatu mu ola lotsatira ndipo sichinasunthe. Mayi aja, amene ndinawapempha kuti ayese fayilo imene inkawavutitsa kwambiri, anandiimbira okha kundiuza kuti yatseguka asanachotse dzanja pa mausi.