Malinki ambiri a tsamba langa anali a munthu mmodzi

Mwezi wa Okutobala kuno ku Nchalo foni imatentha m'manja ngati mbatata yootcha, choncho za tsamba langa ndimachita m'bandakucha, dzuwa lisanayambe ukali wake. Amene mwangoyamba kunditsatira, tsamba lake ndi laling'ono: ndimalembapo za mbalame za ku Elephant Marsh, nyama za ku Lengwe ndi Majete, ndi momwe munthu angafikire kumeneko kuchokera ku Blantyre, kutsika zitunda mpaka pa Thabwa. Mwezi uno sindinalembe nkhani yatsopano. Ndinangokhala pansi kuwerenga ma backlink, kutanthauza malinki a pa masamba a anthu ena olozera kwanga.

Ndiyambe ndi kuulula. Kwa chaka chathunthu ndinkatsegula Google Search Console, chida cha Google choonetsa mwini tsamba momwe tsamba lake likuonekera pa Google, kupita pa Links, kuona nambala yaikulu ija ya pamwamba, basi n'kutseka mtima uli mbee. Inali itadutsa 400. Mpaka ndinakawauza alamu anga ku Bangula, iwo n'kungoti, "Ndiye alamu, akulipirani zingati?"

Ulendo uno ndinakopera zonse mu Google Sheets n'kuzisanja malinga ndi komwe zachokera. Manyazi anandigwira. Malinki opitirira 300 anali a tsamba limodzi, la mnzanga amene anaika dzina la tsamba langa m'munsi mwa peji iliyonse kwake. Akalemba kanthu katsopano, linki ina yabadwa. Amene munagulitsako ng'ombe pa msika wa Ngabu mukudziwa: munthu mmodzi akaitamanda ng'ombe yanu kambirimbiri, ogula amangoti ameneyu ndi m'bale wake. Koma akaima anthu asanu osadziwana, aliyense n'kuti ng'ombeyi ndi yabwino, mtengo umakwera. Maganizo a PageRank, njira yoyezera kufunika kwa mapeji, amene Larry Page ndi Sergey Brin anayambira Google mu 1998, amayandikira pamenepo: linki ili ngati umboni, ndipo umboni umalemera malinga ndi amene waupereka. Ndiye mndandanda woyenera kuyamba nawo ndi wa Top linking sites, wosonyeza masamba osiyanasiyana amene akukutchula.

Otsalawo ambiri anali zinyalala. Masamba a njuga, ena a zilankhulo zoti sindingawerenge n'chilembo chimodzi chomwe, ena ongokopera zithunzi za eni. Mtima unagunda, ndinaganiza zothamangira disavow, chida chimene Google inatulutsa mu 2012 choti uziuza kuti malinki awa usawawerengere. Ndinadziletsa. Google yomweyo imanena kuti masamba ambiri safunika chidachi, ndipo kuyambira 2016 Penguin, pulogalamu ya Google yolimbana ndi malinki achinyengo, amangonyalanyaza malinki oterewa m'malo molanga tsamba lonse. Ndinayang'ana pa Manual actions, pamene Google imalembapo ngati yalanga tsamba lako, palibe mlandu. Ndazisiya momwemo, ngati namasupuni woyandama pa Shire.

Nditachotsa mnzanga uja ndi zinyalalazo, anatsala masamba asanu ndi awiri a anthu enieni. Apa ndiye panali ntchito, chifukwa Search Console siikuuza ngati linki ili ndi nofollow, chizindikiro chopempha Google kuti linkiyo isaiwerengere ngati umboni. Ndinatsegula Ahrefs Webmaster Tools, pulogalamu ya kampani ya Ahrefs yofufuzira malinki, imene ndi yaulere ukatsimikiza kuti tsamba ndi lako, ndipo ena ndinachita kuwayang'ana m'kati mwa HTML, zilembo zobisika zimene zimapanga peji. Chizindikiro cha nofollow chinayamba mu 2005 pofuna kuthana ndi anthu odzaza malinki m'makomenti, ndipo mu 2019 Google inawonjezera sponsored ya malinki olipidwa ndi ugc ya zolemba za alendo. Atatu mwa anga ndi a nofollow. Poyamba ndinawayesa opanda pake, koma imodzi mwa iyo ndi imene imandibweretsera anthu owerengadi mpaka kumapeto. Sindiidandaula.

Za Domain Rating ndi Domain Authority (DA), manambala oyerekeza mphamvu ya tsamba, ndingodutsa. Yoyambayo ndi nambala ya Ahrefs, inayo ya kampani ina ya Moz, ndipo Google siigwiritsa ntchito iliyonse mwa ziwirizi. Wina pa WhatsApp anafuna kundigulitsa malinki chikwi "a DA yapamwamba" pa mtengo wa mbuzi yaing'ono. Mbuziyo ndi bwino ndidye pa Khirisimasi.

Chimene chinandikhudza chili pa Top linking text ndi Top linked pages, mindandanda ya mu Search Console ya mawu oikidwapo linki ndi mapeji amene akulozeredwa. Mawu onse amene anthu anaikapo linki ndi a Chingerezi, ndipo onse akulozera mapeji anga awiri a Chingerezi. Zimene ndinalemba m'Chichewa, za asodzi a mlamba ndi mphende, za momwe amapalasira bwato m'mabango, za mayina amene agogo a Chisena ndi Chimang'anja amatchulira mbalame, zilibe linki ngakhale imodzi. Ndipotu ndi zomwe ndinavutikira kwambiri. Si kuti anthu saziwerenga ayi. Amatumizirana pa WhatsApp, amandiimbira kundikonza mayina, koma malinki a m'magulu a WhatsApp Google siiwaona. Owerenga Chichewa ambiri alibe masamba awoawo oti aikepo linki. Choncho lipoti la ma backlink likundiuza za alendo okonda mbalame, koma za anthu a kwathu kuno lili chete. Ndasiya kuyeza mapeji a Chichewawo ndi muyezo umenewu. Awo ndiziyang'ana pa Performance ya mu Search Console, kuona mawu amene anthu akufufuza.

Tsopano phindu lenileni la mwezi uno. Ahrefs inandionetsa linki imodzi yothyoka, yochokera pa tsamba la gulu lina la okonda mbalame la kunja, pa nkhani yawo yonena za Elephant Marsh ngati dambo limene linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, mu 2017. Mwa malinki anga onse, imeneyi ndiyo ya mtengo wapatali: nkhani yake ndi yomweyo, ili pakati pa chiganizo, ndipo ilibe nofollow. Koma munthu akaidina ankapeza 404, uthenga woti pejiyo kulibe. Wolakwa ndine ndemwe. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, njira zambiri zinasintha, ndiye ndinalembanso peji ya kayendedwe n'kuipatsa adiresi yatsopano, yakale n'kuifufuta osaganiza kawiri. Nthawi yonseyi mlendo wolemekezeka wakhala akugogoda pa nyumba yoti ndinasamukamo.

Ndaika 301 redirect, lamulo lotumiza mlendo, yochokera pa adiresi yakale kupita pa yatsopano. Zinanditengera mphindi khumi, kuphatikizapo kudikira netiweki. Ndinayesa pa foni ya mayi a kunyumba, yatsegula bwinobwino. Search Console imachedwa kusintha lipoti la malinki, choncho sindiyang'anamo mpaka mvula yoyamba itagwa. Loweruka ndikupita ku Lengwe ndi mphwanga kukajambula agwape aja a nyala pa dziwe, ndipo peji yake ndiilemba m'zilankhulo zonse ziwiri, adiresi yake osadzaisinthanso.