Ndalama za tropa zomwe sizioneka m'bajeti

Lachiwiri m'kalasi la zachuma kuno ku Ulongué m'dziko la Mozambique, aphunzitsi anatiuza kuti tiwerengere ndalama zimene dziko limawononga pa mnyamata mmodzi wotengedwa kupita ku tropa, kutanthauza ku usilikali. Tonse tinathamangira yunifolomu, jombo, chakudya ndi kamalipiro kake. Iwo anangopukusa mutu, amvekere: "Mwawerengera boma lokha. Nanga mnyamatayo wasiya chiyani kumudzi?"

Maganizo anga anapita kwa achimwene aku Tsangano. Ali ndi dimba la mbatatesi m'mbali mwa mtsinje, ndipo akakumba matumba amakwera lole kupita ku Tete. Ndalama yakeyo ndi imene imagula feteleza wa m'munda wa amayi, malata, ngakhale makope angawa. Atati aitanidwe, dimbalo limera udzu, ogula awo apeza mlimi wina, ndipo amayi ayamba kulipira aganyu. Zonsezi palibe pamene zimalembedwa m'mabuku a boma. Katswiri wa zachuma wa ku America Milton Friedman ankati usilikali wokakamiza ndi msonkho, kungoti umalipidwa ndi zaka za munthu, ndipo amaulipira ndi okhawo amene dzina lawo latuluka. Dziko la America linasiya kukakamiza anyamata mu 1973.

Kwathu kuno wokwanitsa zaka 18, mnyamata kaya mtsikana, amayenera kukalembetsa m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, ngakhale si onse amene amaitanidwa. Kale ankatumikira zaka 2, koma mu Disembala 2023 nyumba ya malamulo ku Maputo inavomereza zaka 5, ndipo kwa asilikali apadera zaka 6. Chifukwa chake ndikuchimva, nkhondo ya ku Cabo Delgado yakhalapo chiyambire 2017, ndipo kuphunzitsa msilikali kenaka n'kumutaya atangoyamba kudziwa ntchito n'kuwononganso. Koma zaka 5 ndi mvula zisanu, abale.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi kafukufuku wa mu 1990 wa Joshua Angrist, katswiri wina wa zachuma. Iye anapeza kuti azungu a ku America amene analowa usilikali nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam ankalandira malipiro otsika ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi anzawo otsala, patadutsa zaka zambiri atavula yunifolomu. Anzawo aja anali atapita kale patsogolo pa luso la ntchito.

Ndiye pa homuweki yanga ndawonjezera mzere wina pansi pa jombo ndi chakudya. Loweruka ndiwaimbira achimwene andiuze matumba amene anakumba chaka chatha, ndichulukitse kasanu.