Ndinayendera mabwinja a ku Mexico ndili ndi zithunzi zakale m'foni

Mukafufuza pa intaneti zithunzi za mapiramidi a anthu a mtundu wa Aztec, zambiri zimene zingakubwerereni si za Aaziteki ayi. Zina zimakhala za Teotihuacan, mzinda umene unali kale bwinja zaka mazana angapo Aaziteki asanafike m'chigwacho. Zina ndi za Chichen Itza, womwe ndi mzinda wa Amaya, makilomita oposa 1,000 kum'mawa. Ndipo zonse zimafanana ngati anajambula munthu mmodzi: thambo la buluu, kapinga wometa bwino, piramidi ili mbee, popanda munthu ndi mmodzi yemwe.

Ntchito itandipatsa mwayi wopita ku msonkhano ku Mexico City, ndinawonjezerapo tchuthi kuti ndikaone malowa. Pokonzekera ndinasiya zithunzi zokongolazo n'kuyamba kusaka zakale, zokhala ndi dzina la wojambula ndi chaka. Bungwe la boma loyang'anira mabwinja ku Mexico, la INAH, lomwe linakhazikitsidwa mu 1939, lili ndi nkhokwe ya zithunzi pa intaneti yotchedwa Mediateca. British Museum inagwirizana ndi Google Arts & Culture n'kuika pa intaneti zithunzi za Alfred Maudslay, Mngelezi amene anayenda m'madera a Amaya m'ma 1880 ndi 1890. Za Désiré Charnay wa ku France, amene anajambula cha m'ma 1860, ndinazipeza pa Wikimedia Commons. Ndinazisunga zonse m'foni, poti kunkhalango netiweki sungaidalire.

Kachisi wamkulu wa Aaziteki, Templo Mayor, ali pakati penipeni pa Mexico City, pambali pa tchalitchi chachikulu ndi bwalo la Zócalo, ndipo sakopa maso. Asipanya atagonjetsa mzinda wa Tenochtitlan, likulu la Aaziteki lomwe linali pamalo omwewa, mu Ogasiti 1521 anamugwetsa, miyala yake n'kumangira nyumba zawo. Mu Febuluwale 1978 anthu a kampani ya magetsi akukumba mumsewu anagunda chimwala chozungulira, chotambalala mamita oposa 3, chogobedwa chithunzi cha mulungu wamkazi Coyolxauhqui atadulidwa mutu, manja ndi miyendo. Apa m'pamene boma linagwetsa nyumba zingapo, Eduardo Matos Moctezuma n'kutsogolera ntchito yofukula.

Lero umayenda pa timilatho tachitsulo n'kumasuzumira pansi. Mafumu a Aaziteki sankagwetsa kachisi wakale akafuna wamkulu, ankangomanga watsopano pamwamba pake momukutira. Ndiye umaona masitepe kumbuyo kwa masitepe anzake, ena atapendama chifukwa mzindawu unamangidwa pa nyanja ya Texcoco ndipo nthaka yake imatitimira mpaka pano. Chimene chinandiimitsa nthawi yaitali ndi ngalande ya njerwa ya madzi oipa, yomangidwa cha mu 1900, imene inaboola kachisiyo pakati n'kupitirira. Omangawo anadutsa m'kati mwa malo opatulika kwambiri a ufumu wonse ali kalikiliki ndi ntchito yawo ya zonyansa za mumzinda. Pa zithunzi zokopa alendo ngalandeyi simungaione, koma ndi imene imakuuza mmene kachisiyu anaiwalikira. Zithunzi za 1978 zimaonetsa anthu ali m'dzenje atazungulira mwala uja, nyumba zogonamo anthu zili pompo. Mwalawo tsopano uli m'nyumba yosungiramo zakale pamalo omwewo, yomwe inatsegulidwa mu 1987, ndipo umauona bwino ukakwera m'mwamba n'kuyang'ana pansi.

Ku Teotihuacan ndi makilomita pafupifupi 50, pa basi yochokera ku depoti ya kumpoto kwa mzinda. Dzuwa la kumeneko silichita nthabwala ndipo mthunzi kulibe. Piramidi ya Dzuwa ndi yaitali mamita pafupifupi 65. Pa zithunzi za m'ma 1800 imangooneka ngati chulu chachikulu chomera zitsamba. Maonekedwe amene tikuwadziwa lero anabwera ndi Leopoldo Batres, amene anaifukula pakati pa 1905 ndi 1910 pothamangira chikondwerero cha zaka 100 za nkhondo ya ufulu wa Mexico, ndipo akatswiri ambiri amati anaipatsa magawo asanu pomwe inali ndi anayi. Bambo wina wachikulire wotsogolera alendo ataona ndikuyerekezera foni ndi khoma, anandikodola.

"Mayi, taonani apa," anatero akuloza timiyala takuda tomwe tinatsomekedwa m'matope a pakati pa miyala ikuluikulu. "Mukaona timiyala iti, dziwani kuti khomali analimanganso ofukula. Pamene palibe, ndiye pakalekale."

Kuyambira pamenepo maso anga ankangosaka timiyalato, ndipo tili ponseponse.

Za chakudya ndingonena pang'ono. Kwawo kwa chimanga ndi kuno. Anthu a ku Mexico ndi amene anachiweta kuchokera ku udzu wakutchire wotchedwa teosinte zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ife chinatipeza mochedwa kudzera kwa amalonda a panyanja. Iwo amachiphika kaye m'madzi a laimu asanachipere, n'kupanga timikate topyapyala ta tortilla. Kafungo kake n'kachilendo tsiku loyamba, koma m'mimba mumakhazikika.

Ku Palenque, mzinda wakale wa Amaya m'chigawo cha Chiapas, ndinapita pa basi ya usiku wonse, ndipo kumeneko n'kumene zithunzi zakale zinagwira ntchito yake. Ndinalowa m'mawa geti litangotsegulidwa, nkhungu isanachoke m'mapiri. M'mitengo munkamveka kubangula koopsa, koti mlendo angaganize kuti ndi chilombo cholusa, chikhalirecho ndi anyani akuda ang'onoang'ono a m'nkhalangoyo. Kutentha kwake ndi kwa chinyontho. Pofika 9 koloko malaya anali atamatirira kumsana.

Maudslay anagwira ntchito pano mu 1891. Ankajambula pa magalasi akuluakulu, olemera komanso osachedwa kusweka, amene ankanyamulidwa pamsana pa anthu ndi pa nyulu kudutsa m'matope. Ubwino wa magalasiwo ndi woti chithunzi chimatuluka chakuthwa kwambiri, moti pa foni ukhoza kuchikulitsa mpaka kuona ming'alu ya pulasitala. Ndinaima m'bwalo la nyumba yachifumu n'kusakasaka malo amene iye anaimika kamera. Pa chithunzi chake nsanja ya nyumbayo ilibe denga, mitengo yamera pamwamba pake, pansi pali zitsa ndi milu ya miyala. Patsogolo panga nsanjayo inali ndi denga lake bwinobwino, lomwe akatswiri anamanganso zaka zambiri pambuyo pake. Koma palinso zimene zinayenda chobwerera m'mbuyo: zithunzi zina zoumbidwa pa zipilala, zimene pa galasi la 1891 zikuoneka nkhope ndi zovala, lero zinafufutika ndi mvula ndi ndere. N'chifukwa chake akatswiri owerenga zilembo za Amaya amadalirabe zithunzi za Maudslay ndi zikombole zimene ankadinda pa miyala yosema kuposa miyala yeniyeniyo.

Mukazikulitsa zithunzizi mumaonanso anthu. Amuna ovala zoyera, zipewa zaudzu kumutu, zikwanje m'manja, ataimikidwa pambali pa khoma kuti woona adziwe kutalika kwake. Ndi amene anagwetsa mitengo, kutentha zitsamba ndi kunyamula katundu yense, koma pansi pa chithunzi pamangolembedwa dzina la nyumba. Mmodzi amene dzina lake linasungidwa ndi Gorgonio López wa ku Guatemala, yemwe anayenda ndi Maudslay zaka zambiri ndipo anali katswiri wopanga zikombole za mapepala. Amaya sanathe ayi. Amayi ogulitsa nsalu pageti ankalankhulana Chich'ol ndi Chitzeltal, zinenero za Amaya zomwe zili moyo.

Kachisi wa Zolembedwa ndi amene ali ndi manda a mfumu Pakal, yemwe analowa ufumu mu 615 ali ndi zaka 12 n'kulamulira mpaka imfa yake mu 683. Katswiri wofukula zakale Alberto Ruz Lhuillier anaona kuti mwala wina wa pansi m'kachisimo uli ndi mabowo, atautukula n'kupeza masitepe otsikira m'kati odzaza ndi miyala. Kuchotsa miyalayo kunatenga zaka, ndipo manda anawafika mu 1952. Masiku ano alendo saloledwa kutsikirako, pofuna kuteteza mandawo ku chinyontho, choncho chivundikiro chenicheni cha bokosi la mfumuyo tonsefe timachiona pa zithunzi basi. Tsoka lake, chithunzi chimenechi ndi chimene chimazunzika kwambiri pa intaneti. Anthu amachitembenuza chammbali n'kumati akuona munthu akuyendetsa chombo cha m'mlengalenga, ati umboni woti kunabwera zolengedwa za kwina. Chikhalirecho ndi mfumu ili pakamwa pa dziko la akufa, mtengo wopatulika utamera pamwamba pake, mbalame ili pansonga, ndipo m'mbali mwake munalembedwa mayina a makolo ake. Bodza lotere ife a kum'mwera kwa Africa timalidziwa: atsamunda anakhala zaka zambiri akukana kuti Great Zimbabwe anamanga ndi anthu akuda. Zimandinyansa mofanana.

Chichen Itza, ku Yucatán, ndinafikako nditatopa, ndipo chipiringu cha anthu chinanditopetsanso. Njira zonse n'zodzaza ndi ogulitsa, ena akuliza timawezulo tadothi tolira ngati kambuku. Piramidi yotchuka ija, El Castillo, anthu analetsedwa kukwera kalekale. Otsogolera alendo amakuwerengerani masitepe 91 mbali iliyonse, kuphatikiza la pamwamba kukhala 365, kenako amawomba m'manja kutsogolo kwa masitepe kuti mumve mawu obwerera akulira ngati mbalame. Zimenezo n'zoona, ndinazimva ndekha. Koma zungulirani kuseri. Mbali za kumpoto ndi kumadzulo n'zimene zinakonzedwa m'ma 1920 ndi 1930, ndipo ndi zimene dziko lonse limajambula. Kum'mwera ndi kum'mawa miyala yosema inagumuka, masitepe ndi okumbikakumbika, ndipo mpamene umayamba kugwirizanitsa ndi chithunzi cha Charnay cha 1860, pomwe piramidi yonse ndi phiri la zitsamba, kanyumba kali pamwamba. Kuseriko ndinapezako anthu ochepa kwambiri.

Chitsime chopatulika chili kumapeto kwa kanjira ka mamita pafupifupi 300, madzi ake obiriwira ali phee pansi pa phompho. Edward Thompson wa ku America, amene anagula malo onsewa mu 1894, anavuula m'chitsimemo golide, miyala yobiriwira ya jade, lubani ndi mafupa a anthu kuyambira mu 1904, zambiri n'kuzitumiza ku Peabody Museum ya pa yunivesite ya Harvard. Gawo lina linabwezedwa ku Mexico patapita zaka, koma zina zikadali komweko. Chimodzimodzinso miyala yosema ya ku Yaxchilan, mzinda winanso wa Amaya, imene Maudslay anachotsa, ili ku London. Ndiye munthu ukhoza kuima pamphepete pa chitsimecho n'kutsegula foni kuti uone zimene zinatulukamo.

Kwa ofuna kusaka okha, kulemba "Maya" kapena "Aztec" pakokha kungokubweretserani zithunzi za makampani a zaulendo, ndipo masiku ano zina mwa izo n'zopangidwa ndi kompyuta, za mapiramidi omwe kulibe. Lembani dzina la malo pamodzi ndi la wojambula, monga Palenque Maudslay, Chichen Itza Charnay kapena Tikal Maler, amene ndi Teobert Maler, mnzawo wina wa nthawi yomweyo. Pa Mediateca ya INAH zonse zili m'Chisipanishi, ndipo Aaziteki kumeneko amalembedwa ndi dzina limene ankadzitchula okha, loti Mexica.